Maina a Nyenyezi ndi Mlandu wa ku Whitechapel

1.0 Mau oyamba

Pakati pa 1888 ndi 1891, m'nthaŵi ya Mfumukazi Victoria, apolisi a ku London anasonkhanitsa m'kaundula mmodzi imfa za amai 11 zimene zinachitika ku Whitechapel ndi madera oyandikana nawo. Zisanu mwa imfazi, za pakati pa 31 Ogasiti ndi 9 Novembala 1888, ndizo zimaganiziridwa kwambiri kuti zinali ntchito ya munthu mmodzi, amene sanadziŵike kufikira lero. Cholinga chathu m'pepala lino si kufufuza chigaŵengacho ai. Tikufuna kuunika maina okhala ndi liu la Chingerezi lakuti star, ndiko kuti nyenyezi, amene woŵerenga nkhani ya mlanduwu amakumana nawo kangapo, ndi kufunsa ngati kubwerezabwereza kotere kungakhale umboni wa kanthu. Tionetsa kuti dzina limachitira umboni nthaŵi imene linaperekedwa ndi anthu amene analipereka, koma silinganene kanthu za chimene chinadzagwa pamalopo pambuyo pake.

2.0 Maina ake

(1) Star Place. Martha Tabram, amene anaphedwa ku George Yard pa 7 Ogasiti 1888, anakhalapo pa nambala 4 Star Place, kakhwalala kotuluka mu Star Street pafupi ndi Commercial Road. Mwini nyumbayo anapereka umboni pa bwalo lofufuza za imfayo.

(2) Seven Stars ndi Star and Garter. Izi zinali nyumba za moŵa. Yoyamba inali mu Brick Lane, msewu umene Mary Ann Nichols anamwamo usiku umene anaphedwa. Yachiŵiri inali mu Whitechapel Road, msewu waukulu umene kuseri kwake kuli malo amene mtembo wake unapezeka.

(3) The Star. Iyi inali nyuzipepala yotuluka madzulo, yogulidwa theka la kobiri, imene T. P. O'Connor anayambitsa mu Januwale 1888. Malonda ake anakwera kwambiri chifukwa cha nkhani za imfazi.

Poona mndandanda wotere nkwapafupi kuganiza kuti pali ulusi wobisika. Tisanatero tiyenera kufunsa kumene dzina lililonse linachokera.

3.0 Gwero la maina

Nyumba za moŵa za ku England zinayamba kudziŵika ndi zithunzi, osati ndi malemba. Mu 1393 Mfumu Richard II inalamula ogulitsa moŵa kuti azipachika chizindikiro panja, kuti oyesa moŵa aziŵapeza msanga. Popeza ambiri sankatha kuŵerenga, chikwangwani chinkajambulidwa chinthu chosavuta kuchizindikira: belu, mkango, chisoti chachifumu, dzuŵa, mwezi kapena nyenyezi. Dzina linabadwa kuchokera ku chithunzi. Komanso, manambala a nyumba asanafale m'zaka za m'ma 1700, anthu ankalozerana njira potchula zikwangwani zomwezi. Motero dzina linkachoka pa chikwangwani kupita pa nyumba, pa kakhwalala, nthaŵi zina mpaka pa dera lonse. Angel ndi Elephant and Castle, madera aŵiri a mu London, anatenga maina awo m'njira imeneyi.

Chofunika kwa ife nchakuti nyenyezi za pa zikwangwanizi sizichokera kumodzi. Star payokha kaŵirikaŵiri imalumikizidwa ndi nyenyezi ya ku Betelehemu, yotsogolera apaulendo, chizindikiro choyenera nyumba ya alendo. Star and Garter ndi dzina la ulemu wachifumu: limachokera ku Order of the Garter, gulu limene Edward III anakhazikitsa cha mu 1348, ndipo nyenyezi inaonjezedwa pa zovala za gululi m'nthaŵi ya Charles I. Seven Stars ndilo lokha loloza kuthambo, pakuti m'Chingerezi chakale mauŵa ankatchula kagulu ka nyenyezi ka Pleiades, mwinanso ka Plough. Tili ndi liu limodzi, koma mbiri zitatu: ya chipembedzo, ya ufumu ndi ya zakuthambo.

Kufanana kwa maonekedwe kungatisocheretse koposa apa. Seven Sisters, dera la ku Tottenham kumpoto kwa London, lili ndi dzina limenenso Angerezi amaitanira Pleiades, koma linatchulidwa chifukwa cha mitengo isanu ndi iŵiri ya elm imene inali pamenepo. Amene angaliike pa mndandanda wa maina a nyenyezi walakwa.

Pali mfundo inanso, ya chiŵerengero. Whitechapel inali yodzaza ndi nyumba za moŵa, ndipo m'nkhani ya mlanduwu timamvanso za Ten Bells, Britannia, Frying Pan, Two Brewers ndi White Swan. Wofuna kuona mabelu kapena mbalame akhoza kuzipeza monga momwe wina apezera nyenyezi. Malo asanu a imfa zotchuka zija, Buck's Row, Hanbury Street, Berner Street, Mitre Square ndi Miller's Court, alibe nyenyezi ngakhale imodzi. Martha Tabram nayenso anali atachoka kale ku Star Place, atasiya ngongole ya lendi, masabata angapo asanaphedwe.

4.0 Pamene mlandu unasintha maina

Ubale weniweni wa maina ndi mlanduwu ukuyenda chobwerera: zochitika ndizo zinakhudza maina. Tikuona mitundu itatu.

Woyamba ndi kufafaniza. Buck's Row inasinthidwa kukhala Durward Street mu 1892, anthu okhalamo atatopa ndi mbiri yoipa ya msewu wawo. Dorset Street, mmene munali Miller's Court, inakhala Duval Street mu 1904. Apa dzina lakale linasanduka chipsera, ndipo latsopano linasankhidwa chifukwa silinkakumbutsa kanthu.

Wachiŵiri ndi kupeka. Dzina lakuti Jack the Ripper linachokera m'kalata imene inafika ku Central News Agency pa 27 Sepitembala 1888, ndipo akuluakulu ena a polisi anakhulupirira kuti anailemba ndi mtolankhani. Lisanamveke limeneli, The Star inali itafalitsa lina, Leather Apron, kunena munthu wovala epuloni yachikopa. Dzinali linagwera John Pizer, Myuda wosoka nsapato, amene anamangidwa kenaka nkumasulidwa atapezeka wosalakwa. Ngati pali nyenyezi imene inakhudzadi mlanduwu, ndi nyuzipepala imeneyi, ndipo inatero ndi zimene inasindikiza, osati ndi dzina lake.

Wachitatu ndi kugulitsa. Mu 1976 Ten Bells inasintha dzina kukhala The Jack the Ripper pofuna kukopa alendo. Mu 1988 dzina lakale linabwezeretsedwa, amai atadandaula kwa nthaŵi yaitali kuti nkosayenera kumwera moŵa pansi pa dzina la wopha akazi.

Tichenjere, komabe, kuti si kusintha kulikonse kumene kunadza ndi mlanduwu. Berner Street inakhala Henriques Street polemekeza Basil Henriques, amene anagwira ntchito yothandiza achinyamata m'deralo. Star Street inakhala Planet Street, ndipo kusintha kotere kukufanana ndi ntchito imene akuluakulu a mzinda anaigwira kwa zaka zambiri, yochepetsa misewu ya maina ofanana; Star Street ina ikalipo ku Paddington. Taonani kuti osinthawo anachotsa liu koma anasunga dera la tanthauzo: nyenyezi inaloŵedwa m'malo ndi pulaneti.

5.0 Mau omaliza

Kwa akatswiri a chiyankhulo, phunziro lake ndi la njira yofufuzira. Tisanamange mfundo pa dzina, tidziŵe chaka chimene linayamba kulembedwa, tipeze gwero lake palokha, ndipo tiŵerenge kuti maina otero ndi ochuluka bwanji m'dera lonse. Popanda zitatuzi, tingakhale tikutola zokhazo zimene maso athu afuna.

Kwa okonza ndondomeko za chiyankhulo, phunziro lake ndi la kaundula. Ifenso tinasintha maina pambuyo pa ufulu wa 1964: Port Herald inakhala Nsanje, Fort Johnston inakhala Mangochi. Zifukwa zathu zinali zina, koma vuto la wofufuza ndi lomwelo. Munthu amene ali ndi mapu a lero okha sangapeze Buck's Row, monganso mwana wasukulu sangapeze Port Herald. Tikupempha kuti bungwe lililonse losintha dzina la malo lizilemba dzina lakale, latsopano, chaka ndi chifukwa chake, ndi kusunga zimenezi poti aliyense angaziŵerenge. Pamene chifukwa sichinalembedwe, obwera m'mbuyo amadzipekera chawo.