Dzino la Chitsulo Silipweteka Msanga

Tsiku lina anafika kwa ine bambo wachikulire wa kuno ku Chinamwali, amene atagwira ntchito zaka zambiri ku Johannesburg anabwerera kwawo ali ndi dzino loikirira limene analigula ndi ndalama za thukuta lake, ndipo pamene ndinampempha kuti ayasamule, ndinaona nkhama zofiira ndi zotupa, mafinya akutuluka m'mbali mwa dzino loyera bwino lija, mwini wake nkumati, "Adokotala, ine sindimva kuwawa konse." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dzino lotere, limene m'ntchito yathu timalitcha implant, ndi kamsomali ka chitsulo cha titaniyamu kamene timakazika m'fupa la nsagwada, ndipo patapita miyezi 3 kufikira 6, fupa litakagwira zolimba, timavekapo chisoti chooneka ngati dzino. Nzeruyi inachokera kwa Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden, amene m'chaka cha 1952 anaona kuti titaniyamu yamamatirana ndi fupa la kalulu kosachotseka, ndipo mu 1965 anaika zitsulo zotere mwa munthu koyamba.

Tsono chimene ndifuna abale anga amvetse ndi ichi. Dzino limene Namalenga anatipatsa lili ndi mtsempha m'kati mwake, ndipo likavunda lifuula usiku wonse mpaka mwini wake alawirire ku Zomba Central Hospital. Koma chitsulo chilibe mtsempha, kotero kuti tizilombo tobisala m'litsiro la m'mphepete mwa nkhama tingadye fupa pang'onopang'ono kwa zaka, monga chiswe chidyera nsichi pansi pa nthaka denga likali chiimire. Wosuta fodya, ngakhale wa chingambwe, achepetsa magazi ofika ku nkhama. Wodwala shuga wosasamala mankhwala ake achedwetsa kupola. Ndipo wokukuta mano m'tulo, kapena wosenda nzimbe ndi dzino lomwelo, alisenzetsa katundu amene silinapangidwire. Nthawi zina, ndivomere poyera, cholakwa chikhala chathu, pamene chitsulo chazikidwa mopendekera kapena m'fupa lochepa.

Chifukwa chake musalindire ululu. Magazi pa mswachi, fungo losatha m'kamwa, nkhama zimene zatsika mpaka chitsulo kuonekera, izi zikwanira kuti munthu anyamuke. Tikazipeza zikali pa nkhama pokha, kutsuka kwa kuchipatala ndi kusamala kwa kunyumba zibweza zinthu m'malo mwake. Zikafika pa fupa, monga X-ray itionetsera, tiyenera kung'amba nkhama, kuyeretsa chitsulo, ndipo mwina kuwonjezera fupa. Makapisozi ogula pa golosale angophwetsa chotupacho masiku owerengeka, koma sachotsa litsiro lokakamira pa chitsulo. Dzino likagwedera, mwina ndi kasikuluwu ka chisoti kamene kamasuka, ndipo timangokamanga. Koma ngati msomali weniweniwo ugwedera, palibe kuchitira mwina koma kuuzula.

Madokotala a mano ndife owerengeka m'dziko muno, pakuti maphunziro a digiriyi anayamba mu 2019 pa College of Medicine ku Blantyre, ndipo ambiri oikidwa mano kunja abwera opanda ndi kapepala komwe kotiuza mtundu wa chitsulo chili m'kamwa mwawo. Bambo uja anali nako, kopindidwa bwino m'chikwama cha pasipoti. Fupa linali litadyeka mbali imodzi yokha. Tinayeretsa, iye analeka fodya, ndipo tsopano abwera miyezi 6 iliyonse, nzimbe akumayamba waziduladula ndi mpeni.