State House ya ku Bulawayo inamangidwa pa bwinja la mfumu

Ife a ku Pumula kuno ku Bulawayo, adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito, ambiri timangoimva dzina State House ya ku Bulawayo. Ili kumpoto kwa tauni, ku Sauerstown, ndipo mbiri yake imandikhudza.

Pamalo pamenepa panali likulu la Mfumu Lobengula ya Amandebele. Mu November 1893, asilikali a British South Africa Company atayandikira, mfumuyo inalamula kuti mudziwo utenthedwe, nkuthawira kumpoto. Mu 1897 Cecil Rhodes, mkulu wa kampaniyo, anamangitsa nyumba yake pa bwinja lomwelo. Ine sindikhulupirira kuti malo ena anasowa. Ankafuna kuti aliyense aone kuti mwini dziko wasintha.

Kamangidwe kake ndi ka Cape Dutch, kochokera ku Cape, kumene Rhodes ankakukonda: zipupa zoyera, khonde lamthunzi, ndi khoma lakutsogolo lokwera kufika kudenga, lopindika mokongoletsa. Kukongola ndi yokongoladi, sindikana.

Koma chondikoka mtima chili panja. Pabwalo pali mtengo wa Indaba, umene Lobengula ankakhala pansi pake poweruza milandu. Nyumbayi inadzakhala Government House ya bwanamkubwa wa Southern Rhodesia, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 inasanduka ya mtsogoleri wa Zimbabwe akabwera kuno.

Aphunzitsi a ku Pumula, pophunzitsa za nyumbayi yambani ndi Lobengula, Rhodes abwere pambuyo.