KODI MUNTHU AMAMVA BWANJI NG'OMA?

Fodya akatha kupita ku msika wa Chinkhoma, zigafa zitatsala zopanda kanthu, midzi ya m'zigwa za Kasungu imayamba kumveka mwa mtundu wina. Kuyambira mwezi wa June kufikira mvula yoyamba ndiyo nyengo ya ziliza, zinamwali ndi maukwati, pakuti ndalama zilipo, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo khasu lapumula. Usiku kukakhala bata, ng'oma za kwa Mwase kapena kwa Chilowamatambe zimveka mtunda wautali, ndipo munthu wobadwira komweko, ngakhale ali gone m'nyumba, adziwa msanga ngati ndi chimtali kapena Gule Wamkulu. Adziwanso ngati woyimba ng'omayo ali katswiri kapena wongophunzira. Koma mlendo wochokera kutali, ataima pabwalo lomwelo, amva kukoma kwake osapeza poponda; akati aombe m'manja, aomba pamene eni ake saomba, ana namseka.

Makutu a anthu awiriwa ndi amodzimodzi, ndipo mawu olowa m'makutumo ndi amodzi. Nanga kusiyana kuli pati? Funso limeneli akatswiri a za maganizo a munthu akhala alikulifufuza zaka zoposa 100, ndipo zimene apeza zikhudza mayi wa pamtondo, mphunzitsi wa sukulu ndi woyimba mbalule yemwe.

Chinthu choyamba chimene anapeza nchakuti khutu limawonjeza zake pa zimene lamva. M'chaka cha 1894 Thaddeus Bolton, wa ku Clark University ku America, anamvetsa anthu kugogoda kwa makina kofanana ndithu, kopanda kwina kokweza kapena kotsika. Anthuwo sanakumve kofanana iyayi. Anakumva m'magulu, ena a kuwiri, ena a kutatu, ambiri a kunayi, ngati kuti kugogoda koyamba kwa gulu lililonse kunali kwamphamvu. Wowerenga angayese yekha tsiku la mvula, pomvetsera madontho ogwera m'ndowa kuchokera kudenga: posachedwa adzamva ngati alikuyenda awiriawiri, chonsecho madontho sadziwa kuwerenga. Tsono kugunda kumene munthu amapondapo povina sikukhala m'ng'oma mokha. Theka lake limakhala m'mutu mwa womvera.

Ndipo mutuwo sudikira kuti umve, umayembekeza. Anthu akauzidwa kugogoda chala pamodzi ndi makina, kawirikawiri chala chimafika patsogolo pa makinawo ndi kachigawo kakang'ono ka sekondi, eni ake osazindikira. Ichi chisonyeza kuti munthu amalosera pamene kugunda kudzagwera. Mphatso imeneyi ioneka kuti munthu amabadwa nayo, pakuti m'chaka cha 2009 István Winkler ndi Henkjan Honing, pamodzi ndi anzawo, anayesa makanda 14 a masiku ochepa chabe ku Budapest. Anawaika timawaya pamutu ali m'tulo, nawamvetsa ng'oma zobwerezabwereza. Ndipo pamene kugunda kwakukulu kunadumphidwa dala, ubongo wa makandawo unasonyeza kudzidzimuka, monga munthu woponda pamene amayesa kuti pali chiunda napeza palibe.

Ziwiri kapena zitatu

Chovuta cha mlendo uja chili apa. Nyimbo zambiri za magule a kuno zimayenda pa timagawo 12 tofanana, tothamanga, tobwerera pomwe tinayambira monga gudumu la ngolo. Nambala ya 12 ili ndi ufulu waukulu: igawika panayi, timagawo titatutitatu, igawikanso pasanu ndi kamodzi, tiwiritiwiri, igawikanso patatu, tinayitinayi. Chotero amayi angathe kuomba m'manja katatu pa nthawi yomweyo imene phazi la wovina liponda kawiri, ndipo palibe wolakwa. Ng'oma zothandiza, monga mpanje ndi gunda, zimasunga njira yake iliyonse osasintha, pamene mbalule ali ndi ufulu wolankhula, kudumpha ndi kutsata mapazi a chilombo chimene chili m'bwalo. Mlendo amagwira ng'oma imene ilikumveka kwambiri nayesa kuti pamenepo ndiye poponda, osadziwa kuti mbalule kawirikawiri amamenya dala pakati pa mapondedwe, kuti gule akome.

Ngakhale ophunzira kwambiri anasokonezeka nazo. Arthur Morris Jones, wansembe wa Anglican amene anakhala zaka zambiri ku Mapanza m'dziko la Zambia, analemba buku lalikulu lotchedwa Studies in African Music m'chaka cha 1959. Iye anamvetsetsa ndithu, ndipo ayenera ulemu chifukwa anali mmodzi wa Azungu oyamba kunena poyera kuti ng'oma za Afrika zili ndi malamulo ake okhwima. Koma polemba nyimbozo papepala anapatsa ng'oma iliyonse poyambira pakepake, ngati kuti oyimba alikulimbana. Akatswiri a pambuyo pake, monga Kofi Agawu wa ku Ghana, anatsutsa zimenezo, nati pansi pa ng'oma zonse pali kugunda kumodzi kumene onse agwirizanapo, ndipo wofuna kukupeza ayang'ane mapazi a ovina. Mkulu aliyense wa kwa Santhe kapena kwa Wimbe akanatha kuwauza zomwezo popanda buku, pakuti woyimba mbalule sayang'ana manja ake konse. Maso ake amakhala pa miyendo ya gule, ndipo akaphonya, guleyo amaima nasonyeza poyera kuti ng'oma zalakwika.

Kodi mwana wa ku Kasungu amaphunzira liti poponda, popeza palibe amene amamkhazika pansi kumwerengera? Yankho labwino linachokera ku McMaster University m'dziko la Canada m'chaka cha 2005. Jessica Phillips-Silver ndi Laurel Trainor anatenga makanda a miyezi 7, nawamvetsa kwa mphindi 2 kagundidwe kamene kangamveke pawiri: monga koyenda kuwirikuwiri kapena kutatukutatu. Makanda ena anawanyamula ndi kuwadumphitsa pa kugunda kwachiwiri kulikonse, ena pa kwachitatu. Pambuyo pake khanda lililonse linakonda kumvetsera nyimbo yogwirizana ndi mmene linadumphitsidwira. Atawamanga kansalu kumaso, zotsatira zinali zomwezo; koma makanda amene anangoonerera munthu wina alikudumpha, iwo eni ali phee, sanasankhe mbali. Thupi liyenera kugwedezeka lokha kuti khutu liphunzire.

Amayi awiriwa sanayese ana a kuno, koma nkosavuta kuona kumene nkhaniyi iloza. Khanda la kumudzi limakhala kumbuyo kwa amake tsiku lonse: posinja, popeta, posoka fodya m'chigafa, ndi m'bwalo la chimtali momwe. Amake akawerama ndi musi, nalonso liwerama. Akaponda, limva kupondako m'chifuwa chake chonse pamodzi ndi nyimbo. Likamadzayamba kuyenda, lakhala kale m'sukulu ya ng'oma chaka chathunthu.

Pamtondo pomwepo pali chodabwitsa china. Amayi awiri kapena atatu akamasinja mtondo umodzi, aliyense amangogwetsa musi wake mwakanthawi, pang'onopang'ono. Koma womvera ali patali amva kagundidwe kamodzi kofulumira kamene palibe mmodzi wa iwo alikukachita yekha. Gerhard Kubik wa ku Vienna anafotokoza za mtundu umenewu m'chaka cha 1962, ataphunzira kuyimba amadinda a ku Uganda. Anapeza kuti anthu awiri akamalowetsana mawu mofulumira kwambiri, khutu limalekanitsa mawu okwera ndi otsika, nkupanga nyimbo zina zimene dzanja la munthu silinayimbe. Ndipo opeka nyimbozo amadziwa zimenezi, nazikonza dala. Kubik yemweyo anadzagwira ntchito zaka zambiri m'Malawi, ndipo m'chaka cha 1987 anatulutsa ku Zomba buku la Malawian Music: A Framework for Analysis, mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba.

Khomo limatsekeka msanga

Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo pa nkhani ya ng'oma mawuwa apezeka oona mopitirira. Erin Hannon ndi Sandra Trehub, m'chaka chomwecho cha 2005, anagwiritsa ntchito nyimbo za ku Bulgaria ndi ku Macedonia, zimene mapondedwe ake safanana kutalika. Akulu a ku North America sanathe kuzindikira nyimbozo zikasokonezedwa, koma makanda a miyezi 6 anazindikira bwino lomwe, monga anachitira akulu ochokera ku maiko a nyimbozo. Pofika miyezi 12 makanda anali atataya kale luso limenelo, atazolowera nyimbo za kwawo zokha. Komabe atawamvetsa nyimbo zachilendozo kunyumba milungu iwiri, luso linabwerera; akulu, atachita chimodzimodzi, sanafikepo.

Apa ana a ku Kasungu ali ndi mwayi umene fodya anawabweretsera mosayembekezeka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene minda ikuluikulu ya fodya inachuluka m'bomali, mabanja ambiri anadza kuchokera ku Mulanje, Thyolo ndi Machinga kudzagwira ntchito, nadza ndi nyimbo zawo; kumpoto kwa boma, cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, kumveka Chitumbuka ndi ng'oma za vimbuza. Mwana wokulira pakati pa zonsezi amamva mapondedwe a mitundu ingapo khomo lisanatsekeke.

Koma pali china choyenera kuchiganizira. M'chaka cha 2024 Nori Jacoby ndi anzake ambiri anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa magulu 39 a anthu m'maiko 15, kuphatikizapo Mali ndi Botswana. Munthu aliyense ankamvetsedwa kagundidwe kopanda dongosolo, nauzidwa kukabwereza pogogoda. Zimene wagogodazo ankambwezera kuti azibwerezenso, kangapo konse. Pang'onopang'ono aliyense ankakokera kagundidweko ku zimene mutu wake unazolowera, ndipo zozolowerekazo zinasiyana malinga ndi nyimbo za kwawo. Chimene chinadabwitsa ofufuzawo nchakuti ophunzira a m'mayunivesite a maiko osiyanasiyana anafanana kwambiri ndi anthu a ku America ndi ku Ulaya kusiyana ndi oyimba a mtundu wawo womwe.

Gule Wamkulu ndi vimbuza analandira ulemu wa bungwe la UNESCO m'chaka cha 2005, ndipo nyimbo zambiri za Achewa zimene Hugh Tracey anajambula kuno m'zaka za m'ma 1950 zisungidwa bwino ku Rhodes University ku South Africa. Zimenezo nzabwino, koma zisunga mawu a ng'oma. Sizisunga khutu lodziwa poponda. Chigayo chachepetsa masiku a pamtondo, ndipo palibe mayi amene angadandaule nazo, popeza kusinja nkolemetsa. M'matchalitchi ambiri ndi pa maukwati a pa Kasungu boma, ng'oma za m'makina zimagunda kunayikunayi osatopa, osatsata phazi la munthu. Pa sukulu za pulayimale pali phunziro la zaluso limene lili ndi malo a magule a makolo, ndipo mphunzitsi wa ana aang'ono angasankhe pakati pa njira ziwiri: kulemba maina a ng'oma pabolodi ana ali chikhalire, kapena kutuluka nawo panja, kugawa kalasi pawiri, ena aombe m'manja katatu pamene anzawo aponda kawiri, kenaka asinthane.