Kamatidwe ka Zigamba Zolimbitsa Lona la Paulendo

Mafumu, anyakwawa ndi alimi nonse, mudziwa kuti cofunda ciri conse ca panja sicimayamba kung'ambika pakati ai. Ciyamba pamene pamangidwa cingwe. Mphepo ikaomba, mphamvu yonse imene igwa pa nsaru yotambasuka ithamangira ku ngondya zinai ndi m'mphepete mmene muli zingwe, ndipo kamalo kosaposa cala kasenza kulemera kwa nsaru yonse. Mau ano afotokoza njira imene anthu oyenda pansi maulendo atali ku America ndi ku Ulaya alimbitsira malo amenewo pa malona opepuka amene adzisokera okha kuti azigona pansi pace. Amatapo zigamba ndi mankhwala omatira, dzina lace silikoni.

Tiyambe ndi nsaru yace, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Ulusi wa nayiloni anaupanga poyamba m'caka ca 1935 Wallace Carothers ndi anzace a kampani ya DuPont ku America. Silikoni ndiye acokera ku mcenga, umene auotca ndi kuusanduliza m'nyumba za makina. Dzinali analipereka Frederic Kipping wa ku Nottingham ku England m'caka ca 1901, koma kupanga wambiri wa malonda kunakula itakhazikitsidwa kampani ya Dow Corning m'caka ca 1943. Nsaru yopyapyala ya nayiloni akainyika mu silikoni silowanso madzi, ndipo iterera m'manja ngati mlamba. Kupepuka kwace nkodabwitsa: lona la mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi lingolemera ngati theka la kilogalamu. Ray Jardine, amene anayenda njira ya m'mapiri ya Pacific Crest Trail, yotalika makilomita oposa 4,000, nalemba buku la kayendedwe kace m'caka ca 1992, ndiye mmodzi wa amene analimbikitsa anthu kusiya mahema olemera ndi kudzisokera okha malona otere.

Tsono wina adzafunsa kuti, Nanga bwanji osangosokapo cigamba monga ticitira pa malaya? Taonani sitampa ya pa kalata. Ing'ambika mosabvuta cifukwa ca timabowo tondandalikana m'mbali mwace. Singano icita comweco pa nsaru yopyapyala: msoko uli wonse ndiwo mzere wa timabowo, ndipo cingwe cikakoka, nsaru itsata mzerewo pong'ambika, timabowoto tilowetsanso mvula. Cigamba comata sicitero. Cigwira nsaru ponse ponse pamene cagonapo, ndipo kukoka kwa cingwe kugawanika pa malo akuru ngati cikhato. Bvuto lace ndi ili, kuti guluu wa matabwa, wa nsapato kapena womatira cubu ca njinga sagwira konse pa nsaru yonyikidwa mu silikoni. Silikoni alola mbale wace yekha, ndiye silikoni mnzace.

Pano ndicenjeze mafumu, kuti anthu ao asataye ndalama cabe. Malona ambiri amene tiyanikapo cimanga ndi mtedza, aja olukidwa ndi timizere ta pulasitiki monga matumba a feteleza, sali a mtundu umenewu. Pa iwo silikoni sagwira; akauma asendeka ngati khungu la mbatata yophika. Lona lotero lifuna kusoka ndithu. Njira imene ndinena pano ndi ya nsaru yonyikidwa mu silikoni yokha. Ziriponso nsaru zina zokhala ndi silikoni mbali imodzi ndi mankhwala ena ku mbali inzace. Cifukwa cace musanayambe, mutenge tizidutswa tiwiri totsala, mutimate, ndipo atapita masiku awiri mutikoke. Tikakana kulekana, pitirirani ndi nchito.

Silikoni woyenera ndi uja wosaonetsa mtundu, womatira magalasi a mazenera, wogulidwa m'masitolo a zipangizo zomangira nyumba. Muone kuti pa cubu palembedwa 100% silikoni. Uja woti munthu angapakepo utoto pamwamba mumleke, pakuti kawiri kawiri ali wa mtundu wina.

Cigamba mucidule pa nsaru yomweyo ya lona, kapena yokhuthala pang'ono pokha. Ena aganiza kuti cigamba cokhuthala koposa ndico cabwino, koma ine nditi ai. Nayiloni atamuka akakokedwa; mukaikapo cigamba couma gwa, nsaru itamuka pozungulira, cigamba cikhala cosatamuka, ndipo kung'ambika kuyambira m'malire mwa ziwirizo. Pa cifukwa comweco ulusi wa cigamba uyang'ane kumene uyang'ana ulusi wa lona, kuti zitamukire pamodzi. Ca pa ngondya cikhale masentimita 12 kufikira 15 kucokera pa nsonga, ca m'mphepete cikhale ngati mwezi wogawa pakati. Mbali yoyang'ana pakati pa lona muidule mozungulira, yopanda nsonga, pakuti nsonga ndiyo iyamba kukanganuka. Nkwabwino kumata musanapinde ndi kusoka mphepete ya lona, kuti m'mbali mwa cigamba mulowe m'kati mwa mpindirowo.

Muyale lona pa thebulo kapena pa citseko cosalala, mbali ya m'kati iri kumwamba. Muikepo cigamba ndi kulemba malire ace ndi coko. Mupukute pamalopo ndi cigamba comwe ndi kansaru koviika mu spiriti, ndi kudikira kuti paume. Musapeputse kupukutaku. Pfumbi ndi mafuta a m'manja ndizo zilepheretsa zigamba zambiri, ndipo munthu angonamizira mankhwala.

Tsopano kupaka, ndipo apa ndipo alakwa ambiri. Munthu wozolowera kumata nyumba ndi dothi ayesa kuti kucurukitsa ndiko kulimbitsa. Ndi silikoni si comweco. Mufinye pang'ono, muwaze ndi kapulasitiki kolimba kosalala kapena mpeni wobuntha, kufikira pamalo ponse pangonyezimira ngati pothira madzi, popanda mibulu, popandanso pouma. Silikoni wocuruka acedwa kuuma, alemeretsa lona, ndipo cigamba ciyandama pamwamba pace m'malo mogwirana ndi nsaru. Akakhala wolimba kwambiri, mukhoza kumsungunula pang'ono m'kacitini ndi mafuta osungunulira utoto wa mafuta; koma pa kumata zigamba musathire ambiri, cifukwa cigamba cikaphimbapo mafutawo asowa poturukira. Mucite msanga, pakuti mphindi 10 kapena 15 zikapita silikoni ayamba kucita khungu pamwamba, ndipo wakhungu sagwiranso bwino. Cifukwa cace mumate cigamba cimodzi cimodzi.

Mugoneke cigamba kuyambira mbali imodzi, ndi kucisisita kucokera pakati kunka kunja. Botolo lopanda kanthu ligwira bwino nchito imeneyi mukaligubuduza. Popeza nsaru iri yopyapyala, mpweya wotsala pansi uoneka ngati timatuza. Mutikankhire kunja tonse. Silikoni woturukira m'mbali mumsalaze ndi cala kuti atseke malire. Pamwamba muyale pepala la pulasitiki, pansi pomwe, ndipo musanjikepo thabwa ndi njerwa ziwiri kapena zitatu. Paja tanena kuti silikoni sagwira pa pulasitiki. Apa kukana kwaceko kutithandiza, pakuti thabwa silimatirira ku lona.

Kuuma kwa silikoni nkosiyana ndi kuuma kwa dothi. Dothi liuma potaya madzi, koma silikoni alimba pakumwa cinyezi ca mumpweya. Ndico cifukwa cace nyengo ya dzinja alimba msanga koposa m'mwezi wa Okutobala. Mitundu yambiri iturutsa pfungo lowawasa ngati la viniga pamene irikulimba. Musaope, koma mugwirire nchito pa khonde kapena potsegula mazenera. Pamtunda alimba tsiku limodzi. Pansi pa cigamba, pakati pa nsaru ziwiri zosalowa madzi, cinyezi cifika pang'ono pang'ono, ndipo pakati pacedwa. Mucotse njerwa ndi pulasitiki m'mawa mwace, lona mulisiye poyera masiku ena awiri kapena atatu. Pfungo likatha, mudziwe kuti nchito yapsa. Mukafulumira kusoka, singano ituruka yonanda, ulusi uduka duka, ndipo cigamba cisuntha.

Zitauma, mupinde mphepete ndi kusoka. Pamenepo mutenge kalamba kolimba, mukapinde ngati khutu lopisamo cingwe, ndi kukasokera pa cigamba, singano ipyole lona ndi cigamba pamodzi. Ulusi ukhale wa poliyesitala, pakuti wa thonje ubvunda ndi mvula. Singano ikhale yaing'ono, ndi misoko yotalikirana pang'ono, yosathithikana. Msoko uli wonse uthere m'kati mwa cigamba, kutsala zala ziwiri kufika m'malire. Mphete zacitsulo zoboola nsaru sizikhalitsa pa nsaru yopyapyala cotere. Khutu la lamba liposa.

Potsiriza musungunule silikoni wina kufikira akhale ngati uci, ndi kumpaka pa misoko yonse ndi kaburashi kuti mutseke mabowo a singano. Akauma, muwazepo ufa wa paudala pang'ono, kuti nsaru isamatirirane poipinda. Mafuta osungunulirawo ayaka msanga, ndipo nayiloni asungunuka ndi moto: nyali, ndudu ndi mbaula zikhale kutali, ana asasewere ndi kacitini.

Cigamba comata cilimba koposa pocikoka motsata nsaru, koma cifooka pocisenda monga tisenda nthoci. Cifukwa cace pomanga lona, cingwe cicoke pa khutu molunjika ndi kutsetsereka kwa nsaru kunka ku cikhomo, cisapindikire m'mwamba kapena m'mbuyo. Nayiloni akanyowa alefuka pang'ono. Mvula ikayamba usiku, muturuke ndi kukunganso zingwe, kuti mphepo isamakuntha lona. Mukabwera ku ulendo, muliyanike pa mthunzi liume lisanapindidwe, ndi kuyang'ana m'malire mwa zigamba. Mukapeza pamene payamba kukanganuka, mupukute ndi spiriti, mulowetsepo silikoni pang'ono ndi kamtengo, ndi kusanjikaponso njerwa usiku umodzi.