Run (mawu a Chingerezi)

"Run" ndi mawu a Chingerezi omwe amagwira ntchito ngati mneni komanso ngati dzina. Tanthauzo lomwe ophunzira ambiri amayamba kulidziwa ndi kuthamanga, koma m'nyuzipepala, m'maofesi ndi m'zokamba za tsiku ndi tsiku mawuwa amatanthauzanso kuyenda kwa madzi, kugwira ntchito kwa makina, kuyendetsa bizinesi, kupikisana pa chisankho ndi zina zambiri. Mu mtanthauziramawu wa Oxford English Dictionary, mneni ameneyu ali ndi matanthauzo 645, ndipo mu 2011 anakhala mawu okhala ndi malongosoledwe aatali kuposa ena onse m'bukuli.

Chiyambi

M'Chingerezi chakale, chomwe chinkalankhulidwa ku England zaka zoposa 900 zapitazo, mneniyu ankalembedwa "rinnan" kapena "irnan". Awa ndi mawu amodzi omwewo, kungoti lembo la r linkasinthana malo ndi lembo la liwu loyandikana nalo, monga momwe "brid" anasinthira kukhala "bird", kutanthauza mbalame. Chinenero cha Old Norse, chomwe anabwera nacho anthu a ku Scandinavia atakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England, chinali ndi "rinna" ndi "renna". Chijeremani cha lero chinasunga aneni awiri osiyana: "rinnen" ndi kuyenda kwa zamadzimadzi, pomwe "rennen" ndi kuthamanga kwa munthu kapena nyama. Izi zikusonyeza kuti tanthauzo la kuyenda kwa madzi ndi lakale kwambiri, ndipo lakhala limodzi ndi la kuthamanga kuyambira m'zolembedwa zoyambirira za Chingerezi.

Kasinthidwe ka mneni

Mneniyu satsata lamulo lowonjezera "-ed" pa nthawi yakale. Amati "ran" pa zomwe zinachitika, ndipo akatsatana ndi "have" kapena "has" amabwerera ku "run". Choncho "she ran" ndi "she has run" ndi zolondola, pomwe "runned" kulibe. Polemba "running" ndi "runner" lembo la n limabwerezedwa.

Chomwe chimasokoneza kwambiri wolankhula Chichewa ndi chakuti mneniyu sasintha maonekedwe pakabwera wochititsa. Chichewa chimasiyanitsa kuyenda ndi kuyendetsa: chigayo chikuyenda, mayi akuyendetsa chigayo. Chingerezi chimati "the mill runs" komanso "she runs the mill", mawu amodzi omwewo. Chizindikiro chokha ndi dzina lobwera pambuyo pa mneni. Likakhalapo, nthawi zambiri tanthauzo ndi kuyendetsa kapena kuyang'anira.

Matanthauzo akuluakulu

Ambiri mwa matanthauzo a "run" amagwirizana pa mfundo ya chinthu choyenda mosadukiza. Mtsinje umatero, mpopi wotsegula umatero, ndipo mphuno ya wodwala chimfine amaitcha "runny nose". Utoto wa nsalu ukasuluka pochapa amatinso "the colour ran". Kuchoka pa madzi, mawuwa anafika pa makina: injini yomwe ikulira, wotchi yomwe ikuyenda, basi yomwe imayenda pakati pa mizinda iwiri pa nthawi zoikika. Makompyuta atabwera, pulogalamu nayo inayamba kunenedwa chimodzimodzi, ndipo lamulo la "RUN" linali limodzi mwa malamulo oyamba omwe ophunzira chinenero cha kompyuta cha BASIC ankalemba.

Pali matanthauzo ena omwe mulibe kuyenda kwenikweni. Msewu kapena mpanda "umathamanga" kuchoka pamalo ena kufika pena ngakhale uli chiimire. Mgwirizano wa ntchito "umathamanga" zaka zitatu. Matenda kapena luso lopezeka mwa anthu ambiri a banja limodzi amati "runs in the family", zomwe m'Chichewa timati zakumtundu. Munthu wotentha thupi amati "is running a temperature".

Apa pali chinthu chothandiza wophunzira. Katundu yemwe Chingerezi chinasenzetsa "run", Chichewa chinasenzetsa kuyenda: madzi oyenda, bizinesi ikuyenda, kuyendetsa boma, zinthu zikuyenda bwino. Wotanthauzira yemwe akumana ndi "run" amachita bwino kuyesa kaye kuyenda kapena kuyendetsa asanalembe kuthamanga. "He runs a school" ndi munthu woyendetsa sukulu, ndipo kulemba kuti amathamanga sukulu n'kusocheretsa owerenga. Kuthamanga nako kuli ndi matanthauzo ake ophiphiritsa m'Chichewa, monga kuthamanga kwa magazi, koma Chingerezi sichigwiritsa ntchito "run" pa matenda amenewo.

Akaphatikana ndi mawu ena

Mneniyu akatsatana ndi timawu tating'onoting'ono monga "out", "into" kapena "over", tanthauzo limasintha kotheratu, ndipo silingadziwike pongoyang'ana mawu awiriwo paokhapaokha. "Run out of" ndi kutha kwa chinthu, monga ndalama kapena mafuta a galimoto. "Run into" ndi kukumana ndi munthu mwadzidzidzi, kuwomba chinthu, kapena kugwa m'mavuto. "Run away" ndi kuthawa. "Run up" amanenera ngongole yomwe munthu waikulitsa.

"Run over" ndi wovuta kuposa enawo chifukwa ali ndi matanthauzo atatu otalikirana: galimoto kuponda munthu, madzi kusefukira m'chidebe, ndi msonkhano kupyola nthawi yomwe unayenera kutha. "Run down" nayenso atha kukhala kunyoza munthu, kutha mphamvu kwa batire, kapena nyumba yosasamalidwa. Chiganizo chonse ndi chomwe chimaulula tanthauzo.

Mu ndale

Ku United States munthu wofuna mpando amati "runs for office", pomwe Chingerezi cha ku Britain mwamwambo chimati "stands for election". Chichewa chili pafupi ndi cha ku Britain, chifukwa timati munthu waima pa chisankho. Komabe mawu angapo a ndale ochokera ku "run" ndi odziwika kwambiri ku Malawi ndi ku Zambia.

"Running mate" ndi munthu yemwe wopikisana pa mpando wa pulezidenti wamusankha kuti adzakhale wachiwiri wake. Mawuwa anachokera ku mipikisano ya akavalo, komwe ankanena kavalo wothamanga limodzi ndi mnzake. Ku Zambia dongosololi linalowa m'malamulo a dziko mu 2016, ndipo chaka chomwecho Edgar Lungu anaima ndi Inonge Wina. "Run-off" ndi chisankho chachiwiri pakati pa awiri otsogola pamene palibe amene wapeza mavoti oposa theka. "Rerun" ndi kubwereza chisankho, ndipo nyuzipepala zambiri za Chingerezi zinagwiritsa ntchito mawuwa pa chisankho cha ku Malawi cha pa 23 June 2020, chomwe chinachitika khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha May 2019 m'chigamulo cha pa 3 February 2020. Mawu awiri omalizawa amasokonezedwa kawirikawiri, chikhalirecho akunena zinthu zosiyana: "run-off" ndi gawo la chisankho choyenda bwino, pomwe "rerun" amabwera chifukwa choyambacho chalephereka kapena chathetsedwa.

Ngati dzina

Pa masewera a cricket, "run" ndi chigoli chimodzi, chomwe chimapezeka omenya mpira awiri akathamanga kusinthana malo pa bwalo lotalika mayadi 22. Mpira ukafika kumalire a bwalo amawerenga zinayi, ukadutsa malirewo usanagunde pansi amawerenga zisanu ndi chimodzi, ngakhale palibe wathamanga. Pa baseball, ndi chigoli chomwe wosewera amapeza akazungulira malo onse anayi n'kubwerera pomwe anayambira.

M'zachuma, "bank run" ndi pamene anthu ambiri athamangira kukatapa ndalama zawo nthawi imodzi poopa kuti banki igwa. Popeza banki imabwereketsa gawo lalikulu la ndalama zomwe anthu asungitsa, singathe kulipira onse tsiku limodzi, choncho manthawo paokha atha kugwetsa ngakhale banki yomwe ikanapulumuka. Zinachitika ku banki ya Northern Rock ku Britain mu September 2007, pomwe mizere ya anthu inaoneka kunja kwa nthambi zake, komanso ku Silicon Valley Bank ku United States mu March 2023, pomwe ambiri anatapa kudzera pa intaneti osafika n'komwe ku banki. Akatswiri a zachuma amanenanso za "the long run", kutanthauza nthawi yaitali yokwanira kuti mitengo, malipiro ndi mafakitale zisinthe.

M'zisudzo, "run" ndi nthawi yonse yomwe sewero lakhala likuonetsedwa. Sewero la The Mousetrap la Agatha Christie linayamba ku London mu 1952 ndipo linapitirira mpaka March 2020, pomwe linaimitsidwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, n'kuyambiranso mu May 2021. Osindikiza mabuku amati "print run" ponena za chiwerengero cha makope osindikizidwa ulendo umodzi. M'zokamba wamba, "the runs" ndi kutsegula m'mimba.

Mu Oxford English Dictionary

Kwa zaka zambiri mawu omwe ankatchuka ndi matanthauzo ochuluka anali "set". M'kope lachiwiri la bukuli, lomwe linatuluka mu 1989 m'mavoliyumu 20, mneni "set" anali ndi matanthauzo 430 olongosoledwa m'mawu pafupifupi 60,000. Akonzi atayamba kukonzanso bukuli, anayambira pa lembo la M n'kumapita kutsogolo. Motero "make" anaposa "set" mu 2000, "put" anaposa "make" mu 2007, ndipo "run" anaposa onse mu 2011. Ntchito ya "run" anaigwira mkonzi Peter Gilliver kwa miyezi isanu ndi inayi.

Chiwerengero cha 645 chiyenera kumvedwa mosamala. Chikuphatikiza matanthauzo omwe anasiya kugwiritsidwa ntchito zaka mazana zapitazo, a m'madera ena okha, ndi a ntchito zapadera monga za amalinyero, osoka ndi osungunula zitsulo. Chikudaliranso momwe mkonzi wagawira: wina atha kuona kuyenda kwa injini ndi kuyenda kwa pulogalamu ya kompyuta ngati tanthauzo limodzi, wina n'kuwapatula pawiri. Ndiponso mawu omwe akonzedwa posachedwa amakula chifukwa akonzi a lero ali ndi zolembedwa zambiri zofufuzamo pa kompyuta kuposa zomwe anali nazo anzawo a kope loyamba, lomwe linamalizidwa mu 1928. Mabuku otanthauzira mawu olembedwera ophunzira Chingerezi amangosankha matanthauzo makumi angapo, n'kuika koyambirira omwe amapezeka kawirikawiri.