Ndalama za Kota ya Fodya ku America: Analandira Ndani?

Kuyambira 1938, mlimi wa ku United States sankangodzuka n'kulima fodya wochuluka mmene wafunira. Boma linkapereka kota, monga amadziwira alimi a bale kwathu kuno, ndipo linkaikanso mtengo woti fodya asatsike kupyola pamenepo. Pakupita kwa zaka kotayo inasanduka chuma pachokha. Makolo ankasiyira ana awo, ndipo ana ambiri, atasamukira m'tauni, ankangoibwereketsa kwa anthu amene ankagwiradi ntchito m'munda.

Mu Okutobala 2004, Pulezidenti George W. Bush anasainira lamulo lothetsa dongosololi. Boma linagula makota onse ndi ndalama pafupifupi madola 10 biliyoni, zolipidwa chaka ndi chaka kuyambira 2005 mpaka 2014. Kagawidwe kake ndi kamene kamafunika kukayang'anitsitsa. Mwini kota ankalandira madola 7 pa paundi iliyonse, pamene wolima fodyayo ankalandira osapyola madola 3. Munthu amene sanagwirepo tsamba la fodya ankatha kulandira zoposa kawiri za amene manja ake ankada ndi utomoni pothyola. Ine ndimaona kuti apa panali kukondera, ngakhale eni makota ankati boma likuwalanda katundu wawo ndiye liyenera kuwalipira.

Ndalamazi sizinkachokera m'thumba la misonkho wamba. Boma linkadula kwa makampani opanga ndudu ndi oitanitsa fodya kunja, kenako nthambi ya Farm Service Agency, ya mu unduna wa zaulimi, inkalipira alimi ndi eni makota. Zambiri zinapita ku North Carolina ndi ku Kentucky. Amene sanafune kudikira zaka 10 ankagulitsa mgwirizano wake kubanki n'kulandira kamodzi, koma zocheperako.

Nanga nzika wamba ingadziwe bwanji amene analandira? Njira yake ndi lamulo la mu 1966 la Freedom of Information Act, lomwe limalola munthu aliyense kulembera ofesi ya boma kupempha zikalata. Unduna wa zaulimi unkakana kutulutsa maina a olandira thandizo, ponena kuti ndi zachinsinsi za anthu, mpaka nyuzipepala ya Washington Post inapambana mlandu mu 1996 wokhudza ndalama za alimi a thonje. Pogwiritsa ntchito lamulo lomweli, bungwe la Environmental Working Group linaika pa intaneti mndandanda wa olandira thandizo la ulimi. Munthu amangolemba dzina kapena dera, n'kuona amene walandira, chaka chake ndi kuchuluka kwa ndalama. Mu 2008 aphungu anatsekako zina zokhudza minda ya anthu, koma anasiya poyera maina a olandira ndi ndalama zawo.

Kuno ku Malawi lamulo lopereka mwayi wopeza mauthenga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo limayang'aniridwa ndi Malawi Human Rights Commission. Kalabu ya alimi ikhoza kulembera unduna wa zamalimidwe kupempha mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo m'dera lawo, ndipo ofesi ikakana iyenera kupereka zifukwa, zomwe alimiwo angakadandaule ku bungwelo kapena kukhoti.