Bungwe la Olawa Vinyo la ku Burgundy

Chakum'mawa kwa dziko la France kuli chigawo chotchedwa Burgundy, chimene eni dziko amachitchula kuti Bourgogne. Pakati pa mizinda ya Dijon ndi Beaune pali zitunda zodzala ndi minda ya mphesa, ndipo mkati mwa munda wina wozingidwa ndi khoma lamiyala muli chinyumba chakalekale, dzina lake Château du Clos de Vougeot. M'menemo ndimo mumasonkhana bungwe la Confrérie des Chevaliers du Tastevin. Dzinali n'lovuta pa lilime, koma limanena za ubale wa anthu olemekezeka amene chizindikiro chawo ndi kachikho kolawira vinyo.

Munthu woona zithunzi za mamembala a bungweli atavala mikanjo yofiira ya milozo yagolide, akuyimba ndi kuwomba m'manja, angaganize kuti linayambika chifukwa cha chuma ndi mtima wokonda zisangalalo. Komatu linabadwa m'chaka cha mavuto. Kuyambira mu 1920 mpaka 1933 boma la America linaletsa malonda a mowa, kotero msika waukulu unatsekeka. Mu 1929 chuma cha maiko ambiri chinagwa, ndipo amene ankagula vinyo wamtengo wapatali analeka. Pamwamba pa izi, nyengo ya zaka za 1930, 1931 ndi 1932 inaipa, mphesa sizinapse bwino. Migolo inangodzazana m'zipinda zapansi popanda wofunsa mtengo, pamene alimi anali ndi ngongole ndiponso antchito oyenera kulipidwa.

Pa 16 Novembala 1934, m'chipinda china chapansi m'tauni ya Nuits-Saint-Georges, amuna awiri, Georges Faiveley yemwe anali wamalonda a vinyo, ndi Camille Rodier yemwe ankalimbikitsa za alendo oyendera derali, anakhazikitsa bungweli pamodzi ndi anzawo. Nzeru yawo inali yapafupi: popeza vinyo sakugulidwa, ndi bwino kuyitana abwenzi, atolankhani ndi akazembe a maiko ena kuti adzamwe nawo, pakuti mlendo amene wadya ndi kumwa mokondwa amakasimba kwawo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo anthu a ku Nuits-Saint-Georges anaika vinyo wawo m'kamwa mwa anthu amene mawu awo amamveka patali.

Nyumba imene bungweli limasonkhanamo lero ndi yakale kwambiri kuposa bungwelo. Anaimanga ndi amonke a ku Cîteaux, kumene nyumba yawo yopemphereramo inakhazikitsidwa mu 1098. Amonkewa analima mphesa pa malowa kwa zaka mazana ambiri, akusanthula dothi la chigawo chilichonse cha chitunda ndi kuona mmene limasinthira kukoma kwa vinyo. Chipinda chachikulu chosungiramo migolo anachimanga m'zaka za m'ma 1100, ndipo mu 1551 anawonjezako nyumba yogonamo akuluakulu. Zipangizo zinayi zikuluzikulu zamitengo zofinyira mphesa zikadalipo mpaka lero. Chipolowe chosintha boma chitabuka mu 1789, malo a mpingo analandidwa ndi kugulitsidwa, ndipo m'kupita kwa nthawi mundawo, umene ndi wa mahekitala pafupifupi 50, unagawidwagawidwa kufikira eni ake anapitirira 80. Bungwe la Tastevin linalowa m'nyumbayi pakutha pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, itawonongeka, ndipo linaikonza.

Tastevin weniweniyo ndi kachikho kasiliva kosazama, kokhala ndi timaenje ndi timizere mkati mwake. Kale wolawa vinyo ankagwira ntchito m'chipinda chamdima ndi kandulo yokha, tsono timaenjeto tinkabweza kuwala kuti aone ngati vinyo ndi woyera bwino kapena ali ndi nsenga. Masiku ano akatswiri amalawira m'matambula agalasi, amene amasunga bwino fungo, ndipo kachikhoko kanasanduka ulemu wovala m'khosi.

Msonkhano wa bungweli umachitika kangapo pa chaka, ndipo alendo amakwana 500 kapena kuposerapo. Ofuna kulowa amaitanidwa kutsogolo, mkulu wa bungwe nawakhudza pa phewa ndi tsinde louma la mpesa, akutchula maina atatu: Nowa amene anayamba kulima mphesa, Bacchus mulungu wa vinyo wa Aroma akale, ndi Vincent Woyera, nkhoswe ya alimi a mphesa. Kusakaniza Baibulo, milungu yachikunja ndi oyera a mpingo m'mpweya umodzi kukusonyeza kuti mwambowu suli wa chipembedzo, ndipo eni ake sabisa kuti mbali ina ndi nthabwala. Pambuyo pake pamabwera chakudya cha magawo angapo, gawo lililonse ndi vinyo wake. Chotchuka ndi mazira ophikidwa opanda chikamba m'msuzi wa vinyo wofiira, ndipo luso la ophika lili pa kufikitsa mazira mazanamazana pa matebulo onse akadali otentha, yolk yake isanalimbe. Gulu la oyimba lotchedwa Cadets de Bourgogne limatsogolera nyimbo, alendo onse akuzunguza manja m'mwamba ndi kuwomba pamodzi.

Koma ntchito yolemera ya bungweli simachitika usiku wa phwando. Mu 1950 linayambitsa mayeso otchedwa Tastevinage, amene amachitika kawiri pa chaka. Alimi ndi amalonda a ku Burgundy amatumiza vinyo wawo, mabotolo naphimbidwa kuti woweruza asadziwe mwini wake. Oweruzawo ndi alimi anzawo, amalonda, eni malo odyera ndi ena odziwa za vinyo. Aliyense amayamba wayang'ana maonekedwe, kenaka kununkhiza, kenaka kuzunguza pang'ono m'kamwa ndi kulavula, pakuti womeza zonse sangaweruze bwino pofika botolo lakhumi. Funso lawo ndi lakuti kodi vinyoyu akuimiradi mudzi ndi chaka zimene zalembedwa, ndipo kodi munthu angampatse bwenzi lake popanda manyazi. Wopambana amaloledwa kumata chizindikiro cha bungwe pa botolo, ambiri amabwezedwa. Kwa mlimi wamng'ono wopanda dzina lomveka, kapepala kameneko kangamutsegulire msika wa ku London kapena ku Tokyo. Apa ndipo bungweli liyenera kutamandidwa koposa, chifukwa mkanjo wofiira sungakometse vinyo woipa, pamene botolo lophimbidwa limaika wolemera ndi wosauka pa muyeso umodzi.

Mu 1938 bungweli linatsitsimutsanso chikondwerero cha Vincent Woyera, kuyambira m'mudzi wa Chambolle-Musigny. Chaka ndi chaka kumapeto kwa Januwale chikondwererochi chimapita ku mudzi wina, ndipo timagulu ta alimi timayenda pa mdipiti titanyamula ziboliboli za woyerayo. Timagulu timeneti ndi tothandizana pa mavuto: mlimi akadwala kapena kumwalira, anzake amakatengulira ndi kupalira munda wake kuti banja lisataye zokolola za chaka. Mu Novembala namo muli masiku atatu otsatana: Loweruka phwando ku Clos de Vougeot, Lamulungu malonda a vinyo wa Hospices de Beaune, chipatala chimene Nicolas Rolin anachikhazikitsa mu 1443 kuti chithandize osauka, ndipo Lolemba chakudya cha ku Meursault kumene aliyense amabwera ndi botolo lake kudzagawana ndi oyandikana nawo.

Nzeru ya mu 1934 inapindula kwambiri, mwina kupitirira muyeso. Mu 2015 bungwe la UNESCO linaika minda ya Burgundy pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Mu 2018 botolo limodzi la Romanée-Conti la chaka cha 1945 linagulidwa ku New York pa madola 558,000. Vinyo akakwera mtengo chotere, malo nawonso amakwera, ndipo msonkho wa chuma chamasiye umawerengedwa pa mtengo wa malowo. Motero ana ena a alimi amakakamizika kugulitsa mizere ya mphesa imene makolo awo analima, kuti alipire boma, ndipo ogula kawirikawiri amakhala makampani akuluakulu ndi anthu achuma ochokera kunja kwa midziyo.